Zilembo Zinayi pa Mgolo Wabuluu

Chilekwa anafika ku Kanyama Loweruka m'mawa ndi galimoto ya kuntchito, magolovesi m'thumba ndi mtima wabwino, chinthu chimene pa iye sichinkachedwa kusungunuka. Anabwera kudzatenga mgolo wabuluu umene anausiya kuseri kwa nyumba ya mayi ake miyezi iwiri yapitayo, atautseka ndi lamba wachitsulo n'kumangapo waya. Anapeza waya atadulidwa, chivundikiro chitangoikidwa pamwamba ngati cha poto. Atachichotsa anaona kuti matope ofiira amene anawasiya ali m'khosi mwa mgolo atsika ndi chikhatho chathunthu, ndipo pamwamba pake pali maenje a chinthu chotungira.

"Nindani wagwira dramu yanga?" anakuwa, ngakhale kuti pabwalo panali nkhuku zokha, nyumba ili yokhoma, ndipo dalaivala anali atayamba kale kusinza m'galimoto.

Wongodutsa akanadabwa kuti munthu wamkulu, wophunzira, akukwiyira matope. Koma amenewa sanali matope wamba. Kuseri kwa mpanda, kumene komboni imathera, kunali fakitale ya matenti ndi majasi amvula. Eni ake ankapaka nsalu mankhwala oti madzi azingotsetsereka, ndipo zotsukira zonse ankazitayira m'ngalande, ngalande n'kuzipereka ku nthaka. Nthaka ya Kanyama sisunga chinsinsi. Pansi pake ndi mwala wobowokabowoka, chimene wataya lero mawa mnzako achitunga m'chitsime. Fakitale inatsekedwa, eni ake anakwera ndege osatsanzika ngakhale mlonda wawo, ndipo mankhwala anatsala m'madzi.

Ku labu kumene Chilekwa ankagwira ntchito yoyeza madzi, mankhwalawo ankawatchula kuti PFAS. Iye ankangoti mankhwala osawola. Muli fulorini womangana ndi zinzake mfundo imene moto wa mbaula sungamasule. Wiritsani madziwo mpaka poto apserere, thiranimo klorini ngati nthawi ya kolera, iwo ali phee, alibe fungo, alibe mtundu. Ndipo akalowa m'thupi la munthu amakhala ngati lendi wokana kusamuka, zaka ndi zaka.

Ofesi itafuna chitsime choyeserapo sefa yatsopano, Chilekwa anamenya nkhondo kuti chikhale cha pabwalo la mayi ake, a Philomena. Chifukwa chake sanachilembe mu lipoti. Mng'ono wake Luse anali atapita padera kawiri. Palibe dokotala ananena kuti ndi madzi, ndipo Chilekwa, munthu wa labu, sakanalumbira, koma manambala a chitsimecho anawaona ndi maso ake ndipo anamusowetsa tulo. Sefayo inali mgolo wodzaza fumbi lachitsulo, makala osinja ndi mchenga. Chitsulo chikachita dzimbiri, mankhwala osawola amakakamira pa dzimbiripo ndi pa makalapo, madzi n'kutuluka pansi atapepukidwa. Chimene anthu amaiwala n'chakuti mankhwalawo safa ayi, amangosamuka. Poizoni yense amene mabanja khumi ndi awiri akanamwa m'miyezi isanu ndi umodzi anali atasonkhana m'matope amenewo.

Atasintha sefa, matope akalewo anayenera kunyamulidwa sabata yomweyo kupita kumene amatentha zinyalala zoopsa. Koma kalata yololeza inagona pa tebulo la bwana wina miyezi iwiri ikudikira siginecha. Mabwana ena cholembera chimawalemera kuposa khasu. Tsopano Luse anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, patali pamene sanafikepo n'kale lonse, akukhala kwa mayi awo, ndipo wina wopanda mutu anali atamwaza poizoniyo kaya kuti, mwina pafupi ndi chitsime chomwecho.

Woyamba kumuganizira anali Fabian, mwamuna wa Luse, amene ankawotcherera mageti m'mbali mwa msewu wa kumsika. Fumbi lachitsulo lija anapereka ndi iyeyo, ndipo ogula zitsulo zakutha anali anzake a tsiku ndi tsiku. Komanso mvula inali itayamba, nthawi imene munthu wa ku Kanyama amakwirira chithaphwi cha pakhomo ndi chilichonse chimene wachipeza. Chilekwa anadumpha ngalande ziwiri, anagunda mayi wogulitsa tomato osapepesa, n'kukamupeza mlamu wake atawerama pa geti, moto ukuthetheka.

"Ba mulamu, zimyani chinthu icho!"

Fabian anazimitsa makina, n'kukankhira magalasi akuda pamphumi. "Ba mulamu, mwauka bwanji? Mwabwela na nkhondo kuseniseni?"

"Mwaipeleka kuti? Mwagulisa, olo mwathila pa vithaphwi?"

"Chani kansi?"

"Doti ya mu dramu yanga. Musanipange chipuba ine."

"Ine?" Fabian anadzigwira pachifuwa ndi dzanja lakuda ndi mafuta. "Ine zuba yonse nimenyana na dzimbiri, nipala, nipaka penti, manje nikabe futi dzimbiri yamene inaola kudala? Nili na misala? Elo kuseli kwa nyumba ya apongozi, mukamwini apitako kukachita chani? Ine ningena pa khomo, naona mukazi wanga, nachoka."

Zinali zoona, ndipo zoona zake zinamukwiyitsanso kwambiri Chilekwa, chifukwa mkwiyo ukasowa pogwera umatupa. Anatembenuka osatsanzika.

"Mukamuoneko mung'ono wanu," Fabian anafuula kumbuyo kwake. "Ba mayo banamupezela mankhwala ya magazi, vija va ku kiliniki venze kumusanzisa. Bakuti manje azalimba."

Mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Chilekwa anabwerera akuyang'ana pansi, chithaphwi chilichonse akuchisuzumira kuti aone kufiira. Ankatukwana mumtima eni fakitale, bwana wa siginecha, mvula, ndi Kanyama yense amene sangaone chinthu chotseka osafuna kudziwa chili m'kati.

Atafika anapeza chitseko chatsegulidwa. A Philomena anali atabwerako kosesa kutchalitchi, ndipo Luse, amene anawaperekeza kuti awongoleko miyendo, anali atakhala pa sofa, mapazi otupa atawasanjika pa kampando. M'manja mwake munali kapu yachitsulo. Mayi ake anaima pambali akukhutchumula botolo lalikulu la pulasitiki ndi manja awiri, mwamphamvu, kuti zokhala pansi zisakanikirane. Madzi a m'botolomo anali ofiira ngati dothi la pachulu. Pansi pa kabati panali mabotolo ena anayi atandandalikidwa bwinobwino, ndipo pamilomo pa Luse panali mzere wofiira.

Chilekwa sanaganize. Dzanja linapita lokha, kapu inauluka n'kukamenya khoma, madzi ofiira akutsika pansi pa kalendala ya tchalitchi.

"Iwe! Wafuntha?" a Philomena anakuwa. "Mu nyumba yanga?"

"Ni chani ichi? Mwatenga kuti?"

"Ni ayironi," anayankha mayiyo, akukumbatira botolo pachifuwa. Ananena monyadira, ngati munthu amene watola chinthu chimene ophunzira anachiphonya.

"Kuyambila liti?"

"Masabata faifi. Kapu imozi kuseni, imozi kumazulo. Nimasefa na kasefa ka tiyi, musaganize kuti nimupasa na michenga."

Chilekwa anawerenga mumtima asanafune. Makapu makumi asanu ndi awiri. Pakamwa pake panapsa moto.

"Luse! Iwe unafika giledi naini! Bakupasa matope, iwe wayasamula chabe kamwa?"

"Ba Chile, musanikalipile," Luse anayankha, misozi ili kale m'maso. "Ku kiliniki banakamba ati magazi yachepa maningi, ati ngati siyakwela ningafe pobala. Mapilisi yaja nikamwa chabe nisanza. Ba mayo banati iyi ni imozi na imozi, elo ni yanu, yochokela ku labu. Inunkha monga misomali, koma nenze kulimba mutima chifukwa cha mwana."

"Ni poizoni! Ni poizoni yonse ya mu chisime yamene nenze kuchosa! Ninasonkhanisa pamozi kuti ichoke pano, imwe mwatenga mwaika mu mimba mwa uyu!"

"Boza," anatero a Philomena, koma botolo analitsitsa pang'ono. "Chinthu chamene chiyelesa manzi chingakhale poizoni bwanji? Iwe wamene unaimilila pa bwalo ya chechi, na mabwana bako bakhala pa mipando, unakamba ati ayironi, ayironi, ayironi. Tonse tinamvela. Ba nesi nabeve ati ayironi. Nanga ayironi ili ingati pa chalo?"

"Ninakuuzani kuti musagwile!"

"Unakamba ati musagwile, ni va ku ofesi. Unakamba uli ku khomo, foni ili ku khutu. Ine ninati, ehe, vabwino ni va ku ofesi, mung'ono wake afe na kuchepa magazi."

"Safunsa anadya phula!" Chilekwa anaponya mwambi wa malemu bambo ake a ku Katete. "Foni muli nayo! Kunitumila chabe, kufunsa chabe!"

"Ninatuma katatu. Unati uli mu miting'i."

Apa ndiye pamene Chilekwa anataya chigwiriro. Mkwiyo wonse wa miyezi iwiri, wa fakitale, wa kalata, wa manambala amene ankawanyamula yekha m'mutu, unapeza khomo limodzi lotulukira, ndipo khomolo linali mayi wokalamba wovala chitenje cha tchalitchi.

"Unaganiza chani, iwe? Ufuna kumupaya uyu mwana na manja yako?"

Luse anagwira pakamwa. Zaka makumi atatu ndi zinayi Chilekwa anali asanawatchulepo mayi ake kuti iwe, ngakhale ali kamwana kolira. Liwulo linakhala pakati pawo, lonyansa kuposa madzi a pakhoma, ndipo iye mwini analimva kuwawa kwake, koma kunyada kunamuletsa kulibweza.

A Philomena anaika botolo pa tebulo pang'onopang'ono. Nkhope yawo inauma.

"Na manja yanga," anabwereza. "Tubana tubili tuja twa Luse, nindani anakatushika mu manda? Ni manja aya. Ine na bazimai batatu, kuseni, kopanda nyimbo, kopanda olo kulila, chifukwa mwambo siulola. Iwe wenze ku wekishopu ku Siavonga. Bwela kuno."

Sanadikire yankho. Anatuluka, n'kuzungulira kuseri, Chilekwa akutsatira ngati wokokedwa ndi chingwe, Luse akubwera pambuyo atagwira m'chiuno. Atafika pa mgolo, mayiyo anamasula mfundo ya pakona ya chitenje n'kutulutsa kabokosi ka mapiritsi a ku kiliniki, kophwanyika, kothimbirira ndi thukuta. Anakagunditsa pa pepala limene linamatidwa pamimba pa mgolo.

"Ine sininapite patali na sukulu. Chizungu siniziba. Koma maso nili nayo, elo sininachite vinthu monga chipuba. Ninabwela pano na aka kabokosi, ninakhala pansi, ninalinganiza kamozi kamozi. Ona."

Chala chawo chinayenda pa kabokosi, kenako pa pepala. Kamtengo koima. Kenako chilembo cha mwendo wotambasula. Kenako kozungulira ngati dzira. Kenako komaliza. Pa kabokosi panalembedwa IRON, ndipo pa mgolo, pakati pa mawu ena asanu ndi awiri a Chingerezi, panalembedwa IRON, ndi zilembo zikuluzikulu za inki yakuda.

Chilekwa analidziwa dzanja limene linalemba pepalalo. Analemba yekha, ataligoneka pa bondo, tsiku losintha sefa. Mawu enawo ankanena kuti izi n'zotha ntchito, n'zoopsa, musatsegule. Anawalemba m'Chingerezi chifukwa fomu ya ofesi inkafuna choncho, kuti dalaivala ndi bwana wa siginecha awerenge. Analembera anthu amene sakanaugwira mgolowo ngakhale ndi ndodo. Anthu ogona mamita atatu kuchokera pamenepo, otunga madzi pamenepo, oyanika zovala pamwamba pake, sanawalembere ngakhale liwu limodzi. Poizoni. Zilembo zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo penti inalipo kwa Fabian.

Anakumbukiranso tsiku la pabwalo la tchalitchi. Anavala jasi loyera la ku labu ngakhale kunali dzuwa loswa mtengo. Liwu loti chitsulo ankalidziwa, loti dzimbiri ankalidziwa, anakula nawo mawuwo, koma pamaso pa mabwana ndi alendo ojambula zithunzi anaona ngati ndi mawu a munthu wowotcherera mageti. Ayironi inkamveka bwino pakamwa. Anthu anawomba m'manja, mayi ake ali kutsogolo, akuyang'ana uku ndi uku kuti aliyense adziwe kuti wolankhulayo ndi mwana wa ndani.

Mkwiyo sunathe ayi. Unangotembenuka n'kumuyang'ana iye mwini, ndipo unali waukulu kuposa poyamba. Anafuna kung'amba pepalalo, kugubuduza mgolo, kuthamangira ku mpanda wa fakitale kukaugenda miyala. Anangoima, magolovesi ali m'thumba osavalidwa.

"Kuli benangu bamene munapasako?" anafunsa, mawu atatsika.

"Elesi wa ku chitente chathu cha ku chechi, botolo imozi. Anakana kununkha, anataya." A Philomena anali akumuyang'anitsitsa mwana wawo kumaso, ndipo chimene anachiona pamenepo chinawaopsa kuposa kukuwa konse kuja. "Chilekwa. Ni zoona? Ni poizoni?"

"Ni zoona, ba mayo."

"Yamene unakamba kuti mwina ndiye inalengesa vija vakudala va Luse?"

"Yamene iyo. Koma iyi ni yambili kupambana."

Mayiyo anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa, miyendo itatambasuka. Anayang'ana zikhatho zawo. M'mizere yake ndi m'zikhadabo munali mofiira, kufiira kwa masabata asanu otunga ndi kusefa ndi kukhutchumula. Anazipukuta pa chitenje, n'kuzipukutanso, kufiirako osachoka. Luse anatsamira khoma, manja onse awiri ali pansi pa mimba.

"Tiyeni ku chipatala manje manje," anatero Chilekwa. "Motoka ilipo. Bazapima magazi, bazamvela mutima wa mwana, bazaona ngati dzimbiri yamuononga mu mala." Sananene kuti makina oyezera mankhwala osawola m'magazi a munthu kuchipatala kumeneko kulibe, ndiponso kuti ngakhale madzi a chitsime ankachita kuwatumiza kunja kwa dziko n'kudikira mwezi.

Koma a Philomena maganizo awo anali atapita kale kwina. Anagwada, n'kumugwira Chilekwa mkono ndi manja ofiira aja, mwamphamvu, ngati mmene ankamugwirira ali mwana podutsa msewu waukulu. Za iwe uja anali ataziiwala. M'maso mwawo munabwerera chikhulupiriro chomwe chija cha pabwalo la tchalitchi, ndipo Chilekwa akanakonda kumenyedwa mbama kusiyana ndi kuyang'anidwa choncho.

"Basi palibe kanthu, mwana wanga. Iwe ndiwe uziba. Unachosa mu manzi ya mabanja twelofu, chisime chonse. Uyu ni munthu umozi chabe, na kamwana kang'ono so. Chosa. Ngati ifunika dramu inangu, Fabian azapeleka visulo lelo lomwe. Chosa, Chilekwa."

Chilekwa anatsegula pakamwa. Mawu oyamba kufika anali a Chingerezi, ambirimbiri, osalala, okhala ndi mwina ndi kapena, mawu oti munthu akhoza kubisalamo mpaka madzulo. Ankadziwa kuti mankhwalawo amadutsa kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndiponso kuti amatsata mkaka wa m'mawere. Ankadziwanso kuti palibe angalumbire kuti mwanayo adzavulala kapena ayi. Zonsezo akanazikulunga bwino, mayi ake n'kugwedeza mutu osamva kanthu, n'kupita kuchipatala ali ndi chiyembekezo. Anawameza mawuwo limodzi limodzi, n'kufunafuna a pakhomo pano, amene akanawanena miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

"Mu manzi nikwanisa, ba mayo. Mu munthu sinikwanisa. Vikangena, sivichoka."

Manja a mayi ake anamasuka pa mkono wake, n'kusiyapo zidindo zinayi zofiira. Pabwalo loyandikana wina anali kutunga madzi, chingwe chikulira pa mkombero wa chitsime.

"Ba Chile," Luse anaitana chapansipansi. Anatenga dzanja la mkulu wake n'kuliika pa mimba, kumanzere, pansi pa nthiti. Pansi pa chikhatho panagunda kamwendo, kawiri, mwamphamvu. "Mwamumvela? Ali moyo. Manje nikabala, nimuyamwise olo nisamuyamwise?"

Chilekwa, amene m'banjamo anali asanasowepo yankho chibwerereni ku koleji, anayang'ana mng'ono wake, anayang'ana mayi ake ali chogwada m'matope, ndipo dzanja lake sanalichotse pamene linali.

"Siniziba, Luse," anatero. "Tiye ku motoka."